Kalata ya DVLA ikafika, onani madeti musanayambe kulemba zachisoni

Pali malangizo awiri omwe amazungulira m'magulu a WhatsApp a ife a Malawi okhala ku UK ndipo onse awiri akutayitsa anthu ndalama. Munthu akangoponya chithunzi cha kalata ya DVLA, ofesi ya boma yoona za ziphaso ndi msonkho wa magalimoto, yonena kuti galimoto yake yapezeka pamsewu ilibe msonkho alipire mwakutimwakuti, pasanathe mphindi wina wayankha kale kuti ingoisiyani achimwene anthu amenewa amangoopseza. Kenako wina, nthawi zambiri munthu wamtima wabwino ndithu, amati ayi alembereni muwafotokozere mavuto anu onse, azungu amamva chisoni. Ine ndimakana zonse ziwiri. Kalata imeneyi siyonyalanyaza komanso siyoyankha ndi misozi. Mungalimbane nayo pokhapokha muli ndi pepala lokhala ndi deti lotsutsa zomwe akunenazo, ngati mulibe lipirani msanga idakali yochepa, ngakhale zikuwawa bwanji.

Tiyambe ndi zomwe lamulo limanena chifukwa apa ndi pomwe ambiri timagwera. Lamulo lake ndi Vehicle Excise and Registration Act ya 1994 ndipo mlandu sikuyendetsa kokha ayi, kungoisunga galimoto yopanda msonkho pamsewu wa boma ndi mlandu kale. Ndiye zija timanena zoti koma inali yoima, batire inafa kalekale, giya bokosi inaphwanyika sindinaigwireko miyezi itatu, zonsezo sizikuchotsani pamlandu, mwina mukungodziulula kuti yakhala pamenepo nthawi yayitali bwanji. Kwa a DVLA galimoto ili ndi njira ziwiri basi. Ikhale ndi msonkho, kapena muwauze kuti mwaichotsa pamsewu, chomwe amachitcha SORN, ndipo ichokedi pamsewu, ikhale pakhomo panu mkati mwa mpanda, mu garaja kapena pamalo a munthu. SORN yakhalapo kuyambira 1998, ndi yaulere, pa intaneti imatha nthawi yochepa. Koma ena amaganiza kuti ukachita SORN ndiye kuti wamasuka galimoto ikhoza kugona panja pa nyumba m'mbali mwa msewu. Apo ndiye mwawonjezera mlandu, chindapusa chake chimakwera kuposa cha munthu yemwe sanachite SORN n'komwe.

Makalata ake si amodzi, ndipo muziyamba mwawerenga kuti yanuyo ndi iti. Ina imatuluka yokha mu kompyuta ku Swansea komwe kuli likulu la DVLA, palibe anakuonani, angoona kuti msonkho unatha ndipo SORN palibe. Imeneyo ndi £80, mukalipira mkati mwa masiku 33 imatsika kufika £40, mukaikhalira amaipereka kwa otolera ngongole. Ina, yomwe ndikunena kwambiri pano, imabwera galimoto ikaonedwa pamsewu, kaya ndi kamera zowerenga manambala zija kaya ndi galimoto zawo zoyendayenda m'makwalala. Iyi imakupatsani mwayi wothetsa nkhani osafika kukhothi, mumalipira £30 kuphatikiza msonkho womwe munatsalira nawo kamodzi ndi theka. Ngati inali pa SORN ndi £30 kuphatikiza msonkhowo kawiri. Mukakana kapena kungokhala chete nkhani imapita kwa majisitireti komwe chindapusa chikhoza kufika £1,000 kapena msonkho wapachaka kuchulukitsa kasanu, amatenga chomwe chili chachikulu, ndipo kwa wa SORN uja ndi £2,500 kapena kasanu komweko ngati ndiko kwakukulu. Mapointi pa laisensi palibe pa mlandu umenewu, tisamaopsezane ndi zabodza, koma ndalama zokhazo ndi zokwanira kukusowetsa tulo.

Sindikuti amene amagwidwa ndi mbava. Ambiri ndi anthu otanganidwa omwe sanauzidwe momwe zinthu zimayendera. Kwathu tinazolowera kuti chilichonse chili pagalasi lakutsogolo, COF yake pomwepo inshuwalansi yake pomwepo, ukamakwera m'mawa diso limagwera pa deti ndipo wapolisi pa rodibuloko amayang'ananso pomwepo. Ngakhale kuno zinali choncho, kapepala kozungulira ka msonkho kanakhala pagalasi kuyambira 1921 mpaka boma linakathetsa pa 1 October 2014. Kuyambira pamenepo palibe chooneka ndi maso, zonse zili mu kompyuta. Ndipo eni dziko omwe anasokonezeka nazo, kafukufuku wa boma wa m'misewu anapeza kuti magalimoto opanda msonkho anali 0.6 peresenti mu 2013, mu 2015 anafika 1.4, mu 2017 anafika 1.8. Ndiye ngati munthu wobadwira ku Leeds anaiwala, kuli bwanji mlongo wathu yemwe wangotsika ndege chaka chatha, akugwira mashifiti a maola 12 ndipo kalata iliyonse ya bulauni imamuopsa kutsegula.

Chinasinthanso mu 2014 chomwe chimapha anthu ambiri ndi ichi, msonkho sutsata galimoto ikagulitsidwa. Wogulitsa amabwezeredwa ndalama za miyezi yathunthu yotsala, wogula amayenera kukhoma wake asanaichotse pomwe waiguliramo. Chiyambireni 2022 pomwe anatsegula ma visa a ntchito ya care, abale athu ambiri anabwera ndipo ntchito yoyenda khomo ndi khomo kusamalira okalamba popanda galimoto siitheka, ndiye munthu amathamangira pa Facebook Marketplace, wapeza ka Yaris kapena ka Corsa kotchipa, wogulitsa walemba kuti ili ndi msonkho mpaka November. Mawu amenewo alibe ntchito. Wogulitsayo amakupatsani kapepala kobiriwira kodula ku V5C, ija kwathu tingati blue book, pali nambala ya manambala 12, ndi imeneyo mumakhomera msonkho pafoni muli chiimire pakhomo pa wogulitsayo. Mukanyamuka osachita zimenezo kamera yoyamba kukuonani yakulembani kale, ndipo mawu oti wogulitsa anandiuza kuti ilipo kale sakupulumutsani. Chowawa n'choti timagalimoto tambiri timeneti msonkho wake ndi £20 kapena £35 pachaka chonse, munthu n'kulipitsidwa £80 chifukwa cha £20.

Kwinanso ndi direct debit, ija ndalama zimadulidwa zokha mu akaunti yanu ya ku banki. Anthu amaikonda chifukwa umalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ngakhale amawonjezerapo 5 peresenti, ndipo umaganiza kuti basi nkhani yatha izidziyendera yokha. Imadziyenderadi mpaka tsiku lomwe mu akaunti mulibe kanthu chifukwa renti yadutsa kaye, amayesanso kachiwiri patapita masiku ochepa, ikakanikanso amaidula. Komanso chaka chikatha siyipitirira yokha ngati MOT, ija kwathu tingati COF, yatha. Taganizani munthu walandira uthenga wa maliro, wagula tikiti usiku womwewo, wapita ku Mzimba kapena ku Mulanje, mwambo wamaliro, kusesa, zokambirana za pabanja, mwezi watha. Galimoto ili phee pamsewu ku Luton, MOT inatha ali m'ndege, msonkho sunapitirire. Pobwera apeza kalata, mwinanso chitsulo chachikasu chokhoma galimoto kuti isayende chili pa tayala ndi chipepala chachikulu chomata pagalasi anthu onse a mumsewuwo akuwerenga. Ine munthu ameneyu ndimamumvera chisoni ndi mtima wonse. Koma mlandu ali nawo.

Za adiresi ndiye musanene. Ambiri tikasamuka timasintha adiresi pa laisensi n'kuganiza kuti a DVLA adziwa, pomwe V5C imasinthidwa payokha, ndi mabuku awiri osiyana ngakhale ofesi ndi imodzi. Ndipo ife timasamuka pafupipafupi, chipinda chino miyezi sikisi, kwa msuweni miyezi itatu, kenako nyumba ina ntchito ikasintha. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba zogawana zija amaudziwa mulu wa makalata omwe amakhala kuseli kwa chitseko chakumaso kapena pamwamba pa redieta, maina a anthu omwe anachoka zaka ziwiri zapitazo, ena ataponda ndi nsapato zamatope, palibe amawatsegula palibe amawataya. Mumulu umenewo muli zikumbutso za msonkho, muli zindapusa, muli masamoni akukhothi. Mwini wake ali ku Coventry sakudziwa kanthu mpaka tsiku lomwe adzaone ndalama zikudulidwa pa malipiro kapena otolera ngongole atamupeza.

Tsono nazi zomwe zimandipangitsa kunena kuti kalata yachisoni ndi kutaya nthawi. A DVLA eni ake analemba poyera pa GOV.UK, tsamba la boma la pa intaneti, zifukwa zomwe salandira. Kusamuka osawauza salandira. Kutaya mapepala kapena kusalandira kalata yokukumbutsani salandira. Kuiwala kapena kukhala kuti munali kunja kwa dziko salandira. Direct debit kukanika chifukwa cha vuto la ku banki salandiranso. Werengani bwino mndandanda umenewo muone, ndi nkhani zathu zonse zija, maliro, kusamuka, akaunti youma. Ndiye munthu amakhala pansi usiku kulemba masamba atatu, kuyambira tsiku lomwe anafika m'dziko muno, ana omwe akulipirira fizi kumudzi, mayi odwala shuga, n'kumaliza ndi Mulungu akudalitseni, osadziwa kuti m'kalata yomweyo wavomera kuti galimoto ndi yake, inali pamsewu, ndipo msonkho unalibe. Wawalembera yekha umboni. Kwathu pamsewu umalankhula ndi munthu, amakuona nkhope, ukapepesa mwaulemu nthawi zina amati pitani koma mukakonze. Kuno anakugwirani ndi kamera, ndipo amene akawerenge kalata yanu ali ndi mafunso ochepa oti ayankhe, pa deti lakuti galimoto inali ya ndani, inali pati, msonkho unalipo kapena ayi.

Nthawi yolimbana ilipo ndithu, ndipo ikakwana musachite mantha kapena manyazi, ofesi imeneyi imalakwitsanso. Ngati munakhoma msonkho lisanafike deti lomwe akunenalo, imelo yotsimikiza ija ndi sitetimenti ya ku banki ndi zokwanira. Ngati munagulitsa galimoto n'kuwauza, tumizani kalata kapena imelo yomwe anakuyankhani. Apa pokha ndichenjeze, kugulitsa kwa pachibale kuja koti mwalandira kashi mwapereka makiyi ndi V5C yonse n'kunena kuti mukasinthe nokha aise, kumakusiyani inuyo muli mwini wake m'mabuku a boma, ndipo chilichonse chomwe galimotoyo ikachite chizibwera m'dzina lanu. Zikatero sakani chilichonse chokhala ndi deti, mameseji a pa WhatsApp okambirana mtengo, ndalama yomwe inalowa mu akaunti, tsiku lomwe munaimitsa inshuwalansi, sizolimba ngati kalata ya DVLA koma ndi poyambira. Palinso zoti akuba amakopera nambala ya galimoto yanu n'kuiika pa ina yofanana nayo. Mukalandira kalata yoti inaoneka ku Bradford pomwe inu simunapondeko ndipo yanu inali mu garaja pa SORN, kanenezeni kupolisi akupatseni nambala ya mlandu, pemphani chithunzi chomwe anajambula, yerekezani ndi yanu, mwina mtundu wa marimu kapena sitika yakumbuyo zikusiyana.

Mtsutso womwe ndimaona kuti anthu amausiya pomwe akanapambana ndi wa malo. Lamuloli likamati msewu wa boma, ku England ndi Wales limatanthauza msewu womwe umakonzedwa ndi ndalama za boma. Si paliponse pomwe pali tala. Malo oimika magalimoto kuseli kwa mafulati omwe ndi a mwini nyumba, kamsewu kolowera m'nyumba zatsopano komwe khonsolo sinakatenge, bwalo la kampani, amenewo akhoza kukhala malo a eni. Ngati galimoto yanu inali pa SORN ndipo inaima pamalo otero muli ndi mtsutso wabwino. Khonsolo iliyonse yoyang'anira misewu imasunga mndandanda wa misewu yomwe imakonza, lamulo la Highways Act ya 1980 limawakakamiza kutero, ndipo mukhoza kufunsa kuti akuuzeni malire ake polemba. Onjezani pangano lanu la renti ngati likutchula malo oimikapo, jambulani zithunzi zoonetsa pomwe inaima, chikwangwani cha eni malo chionekere. Koma dzifunseni moona mtima kaye, chifukwa kakapinga ka m'mbali mwa msewu ndi kanjira ka oyenda pansi nthawi zambiri zimawerengedwa ngati mbali ya msewu womwewo, ndipo galimoto yomwe mutu uli pakhomo panu koma matayala akumbuyo atulukira kunja ikhoza kukugwetsani. Dziwaninso kuti kupambana pa nkhani ya malo sikuchotsa £80 ija ngati SORN munalibe.

Kalata yotsutsa ikhale yayifupi, tsamba limodzi lokha. Nambala ya galimoto, nambala ya kalata yawo, deti lomwe akunena, chifukwa chimodzi chomwe mukukanira, ndi mapepala omwe mwaphatikiza. Tumizani makope, enieniwo sungani. Adiresi yotumizako ili pakalata yawo yomweyo, ndipo ku positi ofesi pemphani kapepala kotsimikiza kuti mwatumiza, n'kaulere. Musaganize kuti poti mwalemba ndiye masiku aima kuwerengedwa, yang'anirani deti lomaliza lija ndipo likamayandikira osayankhidwa imbani foni mufunse, lembani tsiku ndi nthawi yomwe mwaimba. Ndipo pomwe mukudikira, galimotoyo ikhomereni msonkho kapena ichotseni pamsewu lero lomwe, chifukwa kamera ikadutsanso mawa ndi mlandu wina watsopano. Chenjeraninso, mameseji a pafoni onena kuti ndife a DVLA dinani apa mulipire kapena mulandire ndalama zanu ndi a mbava, musaike nambala ya khadi pamenepo.

Tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chomwe ndimati wolakwa alipire. Tinene kuti galimoto yanu ndi ya msonkho wa £195 pachaka, womwe magalimoto ambiri olembetsedwa kuyambira April 2017 ankalipira mu 2025, ndipo mwatsalira miyezi iwiri. Miyezi iwiriyo ndi ndalama yopitirira £30 pang'ono, kamodzi ndi theka kuphatikiza £30 ija mukufika cha m'ma £80. Ndi shifiti imodzi imeneyo, inde yowawa, msana ukuphwanya, koma imodzi. Mukalipira nkhani yatha, simunapezeke olakwa kukhothi kulikonse. Mukapita kukhothi mulibe umboni mudzalipira chindapusa cha khothi, msonkho wotsalira uja, ndi ndalama zomwe a DVLA awononga pokusumirani. Ndipo kwa ife a ma visa pali china chomwe mnzathu wobadwira konkuno saganizako, mafomu a Home Office opempha chilolezo chokhazikika kapena unzika amafunsa za milandu yomwe khothi linakupezani nayo olakwa, ya pamsewu yomwe. Sindikunena kuti msonkho wa galimoto ukuthamangitsani m'dziko ayi, tisakokomeze, koma bwanji kudzipatsa chinthu choti muzidzachifotokoza pa fomu iliyonse chifukwa cha £80.

Amene amati ingoisiyani ndiye ndimawaopa kwambiri, chifukwa mlandu suwola. Kuyambira 2015 ku England ndi Wales milandu ing'onoing'ono ngati iyi imaweruzidwa m'njira yotchedwa Single Justice Procedure, majisitireti mmodzi ndi mlangizi wa zamalamulo, pamapepala, inu kulibe. Amakutumizirani chikalata ndipo muli ndi masiku 21 oti muyankhe kuti mukuvomera kapena mukukana. Mukapanda kuyankha amaweruza basi, ndipo poti simunawauze zomwe mumapeza amangoyerekeza kuti mumalandira £440 pasabata n'kuwerengera chindapusa pamenepo, pomwe mwina maola anakudulani mukupeza theka lake. Apa tsono ndi pomwe nkhani yanu yachisoni ija ili ndi malo. Fomu yakukhothi ili ndi gawo lolembapo zifukwa zopempha kuti akuchepetsereni ndi gawo la ndalama zomwe mumapeza ndi kuwononga, ndipo kuvomera msanga kumatsitsa chindapusa. Maliro, matenda, tikiti ya ndege yoonetsa madeti, ziikeni pamenepo. Sizichotsa mlandu koma majisitireti ali ndi mphamvu yochepetsa yomwe kalaliki wa ku Swansea sagwiritsa ntchito pa kalata yanu. Ndipo ngati mwangodzidzimuka kuti munaweruzidwa kale osadziwa chifukwa makalata ankapita ku adiresi yakale, pali njira yolumbira kukhothi kuti simunadziwe, amati statutory declaration, muichite mkati mwa masiku 21 kuchokera tsiku lomwe mwadziwa, mlandu umayambiranso. A Citizens Advice amathandiza zinthu ngati izi mwaulere.

Ndikudziwa ena akuwerenga akuti ndiye inu mwagulidwa ndi boma eti, tizingolipira osafunsa? Ayi. Ine dongosolo limeneli sindilikonda ndipo ndinena pomwe likundinyansa. SORN ndi yaulere pakamwa pokha, chifukwa kuti uigwiritse ntchito uyenera kukhala ndi malo ako oimikapo. Munthu wa nyumba yake yokhala ndi bwalo galimoto ikawonongeka amaikankhira mkati n'kudina foni, salipira kanthu mpaka adzapeze ndalama yokonzera. Munthu wa chipinda chimodzi m'nyumba zomatana zija zopanda bwalo, chitseko chikutsegukira pamsewu, alibe koiika. Galimoto yafa, MOT yatha ndiye sangakhome msonkho chifukwa msonkho umafuna MOT, SORN sangachite chifukwa ili pamsewu, inshuwalansi nayo ikufunika chifukwa kuyambira 2011 galimoto iliyonse yomwe sili pa SORN iyenera kukhala nayo. Chomwe lamulo limamulola n'kuiyendetsa kupita ku MOT yomwe wabukitsa kale basi. Apo ayi alipire malo osungira kapena aigulitse kwa ophwanya pamtengo wotaya. Lamulo ndi limodzi koma wosauka ndi amene limamuluma.

Single Justice Procedure nayo ili ndi manyazi ake. Mtolankhani Tristan Kirk, polembera nyuzipepala ya ku London yomwe inkatchedwa Evening Standard, anatulutsa milandu ya okalamba odwala matenda oiwala, anthu ogonekedwa m'chipatala, omwe anapezeka olakwa pa tindalama tochepa ta galimoto, pomwe makalata ofotokoza mavuto awo osuma mlandu sankawaona n'komwe asanaweruzidwe. Mu 2024 bungwe la majisitireti eni ake, Magistrates' Association, linapempha kuti njirayi ikonzedwe. Ife ogwira ntchito ya care timawadziwa anthu amenewa, ndi omwe timawasambitsa m'mawa, galimoto ili panja chiimire kuyambira pomwe bambo wa m'nyumbamo anamwalira ndipo makalata ali mu dirowa osatsegula. Ngati mwaona zotero uzani a m'banja lawo kapena a ofesi yanu, mwina mwawapulumutsa ku khothi.

Koma kudana ndi lamulo ndi nkhani ina, kupambana mlandu wanu ndi nkhani inanso, ndipo anthu amasakaniza ziwirizi n'kuluza kawiri. Mkwiyo wanu pa dongosololi upititseni kwa MP wa dera lanu, amayankha makalata ndipo ofesi yake imatha kufunsa a DVLA m'malo mwanu nkhani ikakhala yopanda chilungamo zedi. Ambiri sadziwanso kuti ife a Malawi ndi a Zambia okhala kuno ndi chilolezo timaloledwa kuvota chifukwa ndife a Commonwealth, ndiye MP ameneyo si mlendo kwa inu, voti yanu amaifuna. Kalata ya chindapusa yokha ndiyo muiyankhe mozizira mutu.

Za chitsulo cha pa tayala ndinene mwachidule chifukwa pamenepo nthawi ndi ndalama. Mukalipira mkati mwa maola 24 ndi £100. Akainyamula kupita nayo kumalo kwawo ndi £200 kuphatikiza £21 tsiku lililonse yomwe yagona kumeneko, ndipo ngati simunakhomebe msonkho amafunanso chikole cha £160 chomwe amabweza mukaonetsa kuti mwakhoma m'masiku omwe akupatsani. Ikakhalitsa osaitenga amaigulitsa kapena kuiphwanya. Ngakhale mukhale ndi umboni wonse woti alakwitsa, itulutseni kaye, sungani malisiti, mukangane nawo galimoto ili m'manja mwanu, chifukwa mkangano wa masabata awiri pa £21 patsiku ukhoza kupitirira mtengo wa ka Corsa komweko. Ndipo malangizo aja oti pali mnyamata wina ali ndi chopukusira zitsulo abwera usiku, amenewo ndiye akusandutsirani nkhani ya msonkho kukhala ya apolisi.

Amene mukukonzekera kupita kumudzi pa Khirisimasi, musanasake tikiti yotchipa lowani pa GOV.UK mulembe nambala ya galimoto yanu, imakuonetsani tsiku lothera msonkho ndi la MOT mwaulere, aliyense akhoza kuona ngakhale neba wanu, ndipo ndi momwe ena amakunenezerani. MOT ikhoza kuchitidwa kutatsala pafupifupi mwezi osataya deti lanu lakale, ndiye ngati ikuthera muli ku Lilongwe ichitireni musananyamuke. Msonkho wokha mukhoza kukhoma pafoni muli pa khonde kwa amayi bola netiweki igwire ndipo nambala ya pa V5C munaijambula. Ndipo amene mukumusiyira makiyi muuzeni kuti makalata a bulauni azitsegula n'kukujambulirani, osangowaunjika pa tebulo kudikira January.